Thobwa la apongozi anga

Mpaka lero ndikamadutsa pakhomo pa apongozi anga, aNyazimba, ndimatsika njinga ndili patali n'kuyenda ngati munthu wopita kumaliro. Zonse zinayamba ndi chala changa chachikuluchi.

Kwathu ku Magodi tili ndi gulu la alimi lomwe limachita phwando tikatha kukolola. Chaka chilichonse pokonzekera timakangana: malo, ndiwo, ophika. Ine ndinali mlembi, ndipo ndivomere kuti zina zimene zinkandiipira m'buku ndinkazikonza ndi labala. Chaka chatha aMadamu Mtonga, aphunzitsi a pasukulu yathu, anatiikira pulogalamu m'mafoni. Anati imayenda pa bulokucheni: wina akalemba ganizo, onse amavota, ndipo cholembedwacho chimasungika m'mafoni ambirimbiri nthawi imodzi.

"Palibe angafafanize," anatero. "Ngakhale ine."

Ndinagwedeza mutu ngati ndamva (sindinamve).

Loweruka lina ndili ku msika wa Lundazi, mnzanga Jere anandilembera uthenga kufunsa amene adzafulule thobwa la paphwando. Dzuwa linkawalira pagalasi la foni, ine dzanja lina lili ndi nkhuku. Ndinayankha mothamanga kuti: "Chonde asakhalenso aNyazimba. Thobwa lawo limakhala ngati madzi otsukira mbale." Ndinadina n'kuponya foni m'thumba.

Sindinafike n'komwe pamene ndinasiya njinga, foni inayamba kulira ngati anapiye. Kuyang'ana, mawu anga aja sanapite kwa Jere. Anali pa pulogalamu ija, m'bokosi la maganizo atsopano, dzina langa pamwamba, pansi pake mabatani awiri: Inde, Ayi.

Ndinafufuza pofafanizira, panalibe. Ndinachotsa pulogalamu yonse. Ndinatulutsa simu n'kuipukuta pamalaya (musandifunse chifukwa). Kenako ndinapalasa njinga mpaka kusukulu, nkhuku ikulira pakeriyala.

"Madamu, fafanizani chonde, napapata."

"Ada, ndinakuuzani. Mukachotsa mu foni yanu, zili mu yanga. Mukaba yanga, zili kwa ena onse, mpaka m'makompyuta a kumaiko amene simudzafikako."

Ndinakhala pansi pakhonde. Ine ndaonapo njovu ku Lukusuzi, koma sizinandichititse kakasi ngati mmene chinandichitira chinthu ichi. Chopanda maso, chopanda mfumu, chosamva kupepesa, koma chikukumbukira mawu anga chilembo ndi chilembo. Anthu a kutsidya kwa nyanja, osadziwa n'komwe kuti thobwa n'chiyani, akusunga mwano wanga mosamala ngati mbewu.

Kunyumba mkazi wanga anandiikira madzi osamba, ine ndikubwezeretsa pulogalamu ija mu foni. Mavoti ankangolowa, lililonse ndi dzina la mwini wake. Jere: Inde. Mkulu wa mpingo: Inde. Apongozi aamuna, amene akhala akumwa thobwa limenelo kuyambira unyamata wawo: Inde. Ndinapukuta maso n'kuwerenganso.

M'mawa mwake ndinavala jekete n'kupita kukagwada. Ndinawapeza aNyazimba akusenda mtedza, foni ili pambali pa lichero.

"Monire, amama," ndinapereka moni ndili chapatali.

"Yewo, ada. Mwabwela kuona voti yanga?"

Anandilozetsa foni. Nawonso anali atadina Inde.

"Zaka zonsezi ndimafulula ndekha, msana kuwawa, wondithandiza kutunga madzi palibe. Ndimathila madzi ambili dala kuti mundileke. Palibe analimba mtima mpaka inu." Anaponya mtedza m'lichero. "Onani pansipo, nane ndalembako ganizo langa."

Ganizo lawo linali lalifupi: thobwa la chaka chino afulule mlembi. Pofika madzulo linali litadutsa, ndipo voti yoyamba ya Inde inali ya mkazi wanga.

Ndinafulula. Masiku atatu ndili pa mgolo, utsi m'maso, chimera mpaka m'tsitsi, azimayi akudutsa dala kudzandipatsa moni. Paphwando anthu analawa n'kuyamba kuyang'ana mitengo. Apongozi anamwa kapu yonse pang'onopang'ono, kenako anatulutsa foni.

"Ada, kodi 'phala la nkhumba' amalemba bwanji?"

Sanalembe, Mulungu awadalitse. Masiku ano ndikafuna kujeda munthu ndimasiya foni m'nyumba, n'kupita kukanong'oneza Jere kuseri kwa khola. Kujedako sindinasiye.