Mmene Ndinawotchera Kafukufuku wa Thokozile mu Uvuni

Ine ndaumba njerwa zaka zoposa makumi atatu kuno ku Bembeke, ndipo bambo anga anandiphunzitsa ndisanamere ndevu kuti njerwa ndi madzi sizionana. Mtambo ukangoda, umasiya ngakhale chakudya n'kuthamangira udzu wofunditsira. Ndayamba ndi zimenezi kuti mundimvereko chisoni musanayambe kuseka.

Mwana wa mlongo wanga, Thokozile, akuchita maphunziro apamwamba a zomangamanga kuyunivesite. M'nyengo yozizira yapitayi anabwera kwathu ndi zikombole zachitsulo, simenti ndi sikelo. Anandifotokozera, ine ndili phee pampando, kuti akufufuza ngati phulusa la zitsononkho lingalowe m'malo mwa simenti ina mu konkire, kuti timilatho ta m'midzi tizimangidwa motsika mtengo koma tisamagwe ndi anthu. Anaumba timabuloko makumi atatu, tina taphulusa lambiri, tina lochepa, tina topanda phulusa n'komwe, n'kulemba nambala pa kalikonse. Kutacha anatimiza tonse mu mgolo wamadzi kuseri kwa nyumba.

Mawu amene anatsazikira ndimawakumbukira onse. Anati, "Amalume, izi zikhale m'madzimu masiku makumi awiri ndi asanu ndi atatu. Ndidzabwera ndi aphunzitsi anga kudzazitenga. Zikaonongeka, chaka chino sindimaliza sukulu."

Ndinavomera, ndipo sabata ziwiri ndinapirira. Koma kuzizira kwa kuno mumakudziwa. M'mawa wina ndinapisa dzanja mu mgolo muja, zala zonse kuuma, mtima wanga n'kuyamba kuwawa. Mwana wamasiye ameneyu, wavutika n'kusefa phulusa masiku atatu, ndiye ntchito yake ingosungunuka ine ndikuyang'ana? Kodi aphunzitsi ake aja anaumbapo njerwa chibadwire? Ndinapeza nzeru yosalakwira aliyense: masana tiziwothera dzuwa, madzulo ndizitibweza m'madzi. Lamulo la Thokozile lasungidwa theka, la bambo anga theka.

Mayi a kunyumba anandipeza ndikutiyanika pa msasa ndipo anandifunsa modekha kuti mwana uja anati chiyani. Ndinawabwerezera mawu onse osaphonya ngakhale limodzi. Anangonyamula khasu lawo n'kupita kukakumba mbatata ya kachewere.

Potiyanikapo ndinaona kuti tayamba ndere, komanso malemba akuda aja akuipitsa maonekedwe. Alendo ophunzira akubwera kuchokera kutali, adzapeze zinthu zauve pakhomo panga? Ndinatenga burashi yawaya. Pofika masana timabuloko tonse tinali mbee, tofanana ngati mazira a nkhuku imodzi. Zoti nambala zija ndiye zinkasiyanitsa kaphulusa lambiri ndi kopanda phulusa, zinandifikira m'mutu burashi nditaipachika kale. Ndinadzitonthoza kuti mwini wake atizindikira, monga mayi amazindikira mapasa ake.

Apa ndikanasiya. Koma sabata yomweyo a mphakati wathu tinkawotcha njerwa zomangira khitchini ya kutchalitchi, ndipo uvuni tinaumanga pabwalo langa. Ndinagogoda kabuloko kamodzi ndi chala, sikanalire ngati njerwa yakupsa. Ndiye ndinati, moto ulipo kale, nkhuni n'za Mulungu, bwanji ndimuthandize mwanayu? Ndinavuula khumi mu mgolo momwe ndinali nditangotibweza kumene, tikudontha madzi, n'kutilowetsa pakamwa pa uvuni pamene moto umakalipa kwambiri.

Madzulo dzuwa lisanalowe tinakhala pansi pa mtengo wa pichesi kuti tipemphere korona, ine ndikutsogolera. Tili pakati pa Tikuoneni Maria, kunamveka kuphulika ngati mfuti. Kenaka kwina, kenakanso kwina, tizidutswa tamoto tikuuluka kudutsa pamutu pathu. Amayi anamwazikana kulowa m'munda, ena kusiya nsapato. A Nambewe, amene akhala akutiuza zaka zisanu kuti bondo lawo silipindika, analumpha mpanda wa nkhumba osaukhudza. Ine ndinatsala ndekha nditagwada, osati chifukwa cha chikhulupiriro ayi, miyendo inangokana. Tithokoze Ambuye kuti palibe anavulala. Anthu atabwerera n'kuyamba kufunsana kuti wataya chiyani mu uvuni ndani, ndinaulula pomwepo.

Tsiku lopangana lija linakwana. Galimoto inaima pamsewu, anatsika Thokozile ndi aphunzitsi ake, mayi wofatsa wa magalasi, atavala juzi ziwiri. Ndinawalandira, tinalonjerana, kenaka ndinawatengera kuseri. Timabuloko makumi awiri toyera topanda dzina, ndi beseni la zibenthu. Ndinafotokoza zonse mwandondomeko, kuyambira dzanja langa m'madzi ozizira mpaka mpanda wa nkhumba.

Thokozile anangokhala pa chitsa atagwira tsaya, ndipo kunena zoona, apo ndiye panandipweteka. Aphunzitsi aja anandifotokozera mwaulemu kuti konkire siuma ngati dothi, imakhwima pomwa madzi pang'onopang'ono, ndiponso kuti ya madzi ikalowa pamoto nthunzi imasowa potulukira n'kuiphulitsa. Anatinso timabuloko tija tinkapita ku makina akuluakulu amene amakanikiza kamodzikamodzi mpaka kusweka, iwo n'kumalemba kulemera kumene kalikonse kapirira.

Apa mtima wanga unapepuka, pakamwa n'kutseguka pasanapemphedwe. Ndinati, "Ndiye kuti munkakatiswa ndithu? Basitu khumi ndakuswerani kale, mwatsala ndi makumi awiri."

Aphunzitsi aja anavula magalasi, n'kutembenukira kuphiri, mapewa akugwedezeka. Thokozile anayesa kulimba koma naye chinamuphulika, akuseka misozi ili mbwembwembwe, sindikudziwa kuti ina inali ya chiyani. Atapuma, aphunzitsi aja anafunsa ngati zitsononkho zilipobe. Ndinati nkhokwe yonse. Anauza Thokozile kuti amupempherera mwezi wina ku sukulu, aumbenso, chaka sichitayika. Beseni la zibenthu analipempha, akuti azikaonetsa ophunzira atsopano pa phunziro la kasungidwe ka zinthu zoyesera. Ndinafunsa ngati azitchula dzina langa. Anati ayi, azingoti malume ena a ku Dedza.

Tinaumbanso, ine ndikusefa phulusa ngati chindapusa changa. Nthawi iyi mgolo anauikira chivundikiro ndi loko, kiyi n'kupatsa mayi a kunyumba, amene anamumangirira pa korona wawo podziwa kuti pamenepo sindingayerekeze. Masiku onse makumi awiri ndi asanu ndi atatu ndinkangodutsa patali n'kuupatsa moni mgolowo.

Thokozile anamaliza kafukufuku wake, ndipo anandiimbira foni kundiuza kuti timabuloko tina taphulusa tinapirira bwino ndithu. Ndinayamika Mulungu, amene amalemba mowongoka ngakhale malume atafufuta ndi burashi. Koma ndinalumbira pamaso pa a mphakati onse kuti chilichonse chimene munthu wophunzira waviika m'madzi, ine sindidzavuulanso. Ngakhale nkhuku yanga itagwera mu mgolo umenewo, ndidzayamba ndaimba foni kuyunivesite kufunsa kuti yatsala ndi masiku angati.