Sofa Imodzi, Apongozi Awiri

Lolemba

Kwatsala masiku asanu. Loweruka masana, mu holo ya tchalitchi kuno ku Monkey Bay, kagulu kathu kakuonetsa sewero lachifalansa limene ndakhala ndikumasulira zaka ziwiri. Lili ndi anthu awiri okha: mwamuna ndi mkazi, m'nyumba yosanja ku Paris, akugawana katundu ukwati utatha. Sakalipirana. Samenyana. Ndimalikondera zimenezo.

Zomwe tili nazo:
sofa yobwereka;
katani (zitenje zitatu zolumikiza);
Mayi Kalonga, ogulitsa usipa, amene aloweza mbali yonse ya mkazi;
mwamuna: palibe!

Yohane, amene amasewera mwamunayo, wapita ku Chembe kukapha usipa ndi anzake a ukonde wa chilimira. Uthenga wake: "Aphunzitsi, sewero lidikira, usipa sudikira." Sindingamutsutse. M'malo mwake ndaika Fanuel wometa, amene amatinong'oneza mawu tikaiwala. Amadziwa tsamba lililonse. Vuto latha msanga chonchi? Mwina ndikhozadi kutsogolera anthu.

Lachiwiri

Sindingathe kutsogolera anthu.

Fanuel akukwera pa siteji, Mayi Kalonga akulowa kuseri kwa katani. Fanuel akunjuta pakona, maso pansi. Ine ndikuwomba m'manja kuti tiyambe.

Mawu akuchokera m'katani: "Aphunzitsi, paukwati wa mwana wanga Esinati munadya mpunga mbale ziwiri. Mkwati simunamuone?"

Ndinamuona. Ndinavina naye. Zaka zinayi ku yunivesite, ndipo ndikufuna kukhazika mkamwini ndi apongozi ake pa sofa imodzi, mawondo akugundana! Chinthu choti mwana aliyense wa pano akanandiuza. Ndinali kuganiza za Paris.

Mzere woyamba ndi wakuti, "Ndatopa nawe." Fanuel akuuza khoma: "Ndatopa nanu pang'ono, amayi. Pepani."

Lachitatu

Palibe wofuna kusiya. Mayi Kalonga: "Masamba makumi atatu ndaloweza ndikutembenuza usipa pathandala. Ndiwatayire m'nyanja?" Fanuel: "Ndikasiya, anthu ati ndathawa apongozi."

Tagwirizana kuchotsa izi:
sofa (mipando iwiri, wina uku wina uko);
kuyang'anana;
kudyera patebulo limodzi;
mawu akuti "wokondedwa", malo asanu ndi anayi.

Ndayesa kusewera mwamunayo ndekha. Mawu anga sakudutsa benchi yachiwiri. Mayi Kalonga akufunsa mwaulemu ngati ndikupemphera. M'kalasi ndimayankhula tsiku lonse, koma kumeneko ndimakhala ndi choko m'manja ndi bolodi kumbuyo. Pano ndilibe pobisala.

Fanuel wabwerera pampando wake.

Lachinayi

Nzeru ya Mayi Kalonga: Esinati akhale pakati, azinyamula mawu. Kunyumba amatero. Sewero la anthu awiri tsopano lili ndi atatu.

Mphasa yake ili pakati pa mipando ija. Fanuel anena, Esinati atembenuka: "Amayi, akuti wotchi ya pakhoma atenga ndi iwo." Amayi ayankha, Esinati atembenukanso. Sewero la ola limodzi likutenga maola awiri ndi theka.

Chodabwitsa: sizikuoneka zoipa. Wolemba amafuna anthu awiri amene sangathenso kufikirana. Ine ndinayesa miyezi itatu kuti Yohane aoneke ali kutali atakhala pafupi, zinakanika. Awa ali kutali zenizeni. Kodi ndikudzitonthoza? Ndikuganiza kuti ndikudzitonthoza.

Lachisanu

Esinati wayamba kusefa!

Fanuel, monga zalembedwera: "Sindinakukondepo."
Esinati: "Amayi, akuti kunja kukutentha."

Ndikumuonetsa tsamba. Sakuliyang'ana n'komwe. "Aphunzitsi, Loweruka inu mukagona kwanu. Ine anthu awiriwa ndidzawaphikira mpaka kukalamba. Mawu amenewo sadutsa pakamwa panga."

Mzere umenewo ndinaumasulira kasanu ndi kawiri, mpaka unayamba kubaya monga umabayira m'Chifalansa. Tsopano ukubayadi, ndiye chifukwa chake sungathe kunenedwa. Sindikudziwa ngati ndapambana kapena ndalephera.

Kuyeserera komaliza: katundu akugawidwa mwaulemu kwambiri. Aliyense akukana kutenga. Firiji yakanidwa katatu.

Loweruka

Holo yadzaza! Ena ali pamawindo. Sanabwerere Chifalansa, abwera kudzaona ngati Fanuel ayang'ana apongozi ake. Sakuwayang'ana. Iye nkhope kuwindo, iwo nkhope kuchitseko, Esinati khosi likupweteka.

Akuseka pomwe ndinaika kulira. Pa firiji aseka mpaka kugwirana mapewa. Ine ndili kuseri kwa katani, ndikutsatira ndi chala m'buku limene palibe akulitsatira.

Kumapeto mkazi anyamula chikwama, mwamuna ayenera kumugwira dzanja. Fanuel akutsika pampando, akugwada pomwe alipo, akuwomba m'manja kawiri. "Musapite." Esinati sakubwereza. Amayi aima, msana uli kwa iye, nthawi yaitali. Mu holo monse zii. Sindinamvepo bata lotere.

Kenako mayi wina kumbuyo: "Mwana woleredwa bwino uyu!" Nthungululu. Mayi Kalonga aika chikwama pansi. M'buku amachoka. Pano sakuchoka.

Lamulungu

Palibe amene wadziwa kuti linali sewero la ukwati wotha. Ndafunsa anthu anayi. Onse akuti ndi la mkamwini waulemu amene apongozi ake amafuna kusamuka.

Abusa alitama pa zolengeza: "phunziro kwa achinyamata a masiku ano." Akufuna tikalionetsenso ku Nkhudzi. Ndavomera. Ndikanati chiyani?

Ndatsegula kope langa masana ano. Mizere imene yanenedwa monga ndinalembera ikukwana tsamba limodzi. Zaka ziwiri. Sindikukwiya, ndangotopa, ndipo bata lija likundibwererabe. Silinali langa, silinali la wolemba, koma linalipo.

Pakhomo la tchalitchi abusa andifunsa dzina la wolemba, akufuna kuliika m'kalata. Ndatsegula pakamwa kuti nditchule Mfalansa uja, ndaona kuti ndimunamizira munthu wosalakwa.

"Lembani Esinati," ndatero.