Netibolo ya ba Sisi pa Bwalo la ba Kochi

"Iwe ukakhala wa basiketibolo, ine nizakhala dalaiva wa ndeke!"

Anali ba sisi anga, ba Tisa, m'mawa wa tsiku losankha osewera. Ninawayankha kuti ayambe kusoketsa yunifomu. Nikanadziwa zimene zinali kunidikira, pakamwa nikanamanga na legeni.

Nkhani inali iyi. Giredi 12 ninamaliza na mapointi amene batate akawaona amayamba kutsokomola. Anagamula kuti ngati sinipeza malo ku koleji chaka chino, nipite ku Nkomeshya nikawete ng'ombe za bamalume (kumene netiweki umaipeza utakwera pa chulu, dzanja m'mwamba). Manje pa koleji ya zaluso pano pa Chongwe, ukalowa m'timu ya basiketibolo amakuthandiza kupeza malo. Kutalika nili nako, mu minibasi nimakhala mawondo ali m'makutu. Ninati basi, ng'ombe zija zizanimvera kutali.

Vuto linali limodzi chabe: basiketibolo ninali nisanaigwirepo. Ine ninakulira netibolo. Kunyumba mwamuna nili nekha pakati pa atsikana, ndiye timu ya ba sisi ikaperewera anali kuniimika pansi pa ring'i. Ninali kugoletsa mpaka atsikana a mbali ina kupita kukaitana azimayi awo. Ninaganiza kuti ring'i ni ring'i.

Ba Kochi a pa koleji paja anthu amawaopa. Akuti anasewerako ku Lusaka, bondo litawakana anabwera kuno kuphunzitsa ukalipentala, ndipo simenti ya bwalo la basiketibolo anathira okha na ana a sukulu. Sakalipa. Amangokuyang'ana mpaka uyambe kukumbuka machimo a ku pulayimale. Atanifunsa ngati ninasewerapo, ninati maningi. (Silinali bodza. Mtundu wa bola sananifunse.)

Wezulo inalira. Wina ananiponyera bola, ninaigwira bwino kwambiri, kenako ninauma pomwepo mwendo umodzi uli m'mwamba ngati kakowa. Ku netibolo ukagwira bola suyenda, thupi langa linali kudziwa zimenezo chabe. Timu yonse ikuwa kuti nithamange, ine nili nji. Kanabwera kamfana kena kofika m'chiuno mwanga, n'kuitsomphola m'manja. Ninatembenukira kwa ba Kochi kudandaula kuti kayandikira kwambiri, kafunika kuima patali sitepe imodzi. Anthu anagwa pansi na kuseka. Ena mpaka lero sanadzuke.

Ninati kachiwiri nizathamanga. Ninathamangadi, bola ili m'khwapa ngati wakuba nkhuku. Wezulo. Kuti pothamanga uyenera kuigunditsa pansi, palibe amene ananiuza.

Choipa kwambiri chinabwera bola itapita ku ring'i yathu. Onse anathamangira kukatchinga. Ine ninafika pa mzere n'kuima, chifukwa wogoletsa wa netibolo saloledwa kuwoloka. Anatigoletsa ine nikuonerera manja ali m'chiuno. Kunja kwa bwalo wina anafunsa mokweza kuti siketi naiiwala kuti.

Ba Kochi ananikodola na chala. Popita ninali kumva kale mabelu a ng'ombe m'mutu.

"Netibolo anakuphunzitsa ndani?"

"Ba sisi."

"Ponya nione."

Ninaponya monga mwa kwathu, manja pamwamba pa mutu, kugwadako pang'ono. Inalowa osakhudza thabwa. Ninaponyanso, inalowanso. Oseka aja anayamba kuchepa. Ninali pafupi kufunsa kuti jezi yanga ili kuti, koma ba Kochi anati manja nili nawo, miyendo ndiye mitengo ya magetsi. Anatulutsa bola yakale yosalala ngati mutu wa bamalume, n'kuniuza kuti m'mawa uliwonse nizibwera nayo kuchokera kunyumba mpaka pa koleji nikuigunditsa pansi, dzanja lamanzere, njira yodutsa pa msika. Kumapeto kwa mwezi azaona ngati anitenga.

Ninati koma ba Kochi, pa msika pamakhala anthu.

"Ine sinisankha wodziwa. Nisankha amene abwerako mawa."

Mawa lake ninabwerako. Thukuta linali lokwana kuthirira dimba, ndipo za m'njira sinizakamba pano. Ba Kochi anangoyang'ana bola, kuyang'ana ine, n'kuti mawanso. Anzanga, wina aseke mpaka nthiti zithyoke, ku ng'ombe sinipita. Ngati nifunika kuigunditsa mpaka ku Kasisi, nizaigunditsa.

Nitafika kunyumba ninajambulitsa na bola ija n'kuika pa foni: "Ba Kochi anisankha nekha kuti nichite maphunziro apadera. Ena onse akali kudikira."

Woyamba kuyankha anali mnzanga Dalitso, amene amagulitsa masaka pa msika: "Maphunziro apadera tawaona, mudala, bola italowa m'matimati a bana Mwape iwe ukukwawa pansi pa tebulo. Akuti nkhope yako aisunga. Mawa unipitire, ine niziyenda kutsogolo nikuchenjeza anthu."