Kabokosi ka Zithunzi ka a Augusto

A Augusto, wojambula zithunzi wa pamsika wa Furancungo, anali ndi lamulo limodzi: sankafufuta kanthu. Chithunzi chikatuluka chakuda, ankasunga. Munthu akaphethira, ankasunga. Mbuzi ikadutsa pakati pa mkwati ndi mkwatibwi, ndiye ankasunga kawiri.

Zonsezo zinkalowa m'kabokosi kakuda kokhala pakabati kuchipinda. M'kati mwake munali madisku awiri, ndipo waya unkatulukira pazenera mpaka kukomputadori ya kutsogolo kojambulira. Akazi awo, mayi Terezinha, ankati kabokosiko ndi mkazi mnzawo. Kankang'ung'udza tsiku lonse, kankapukutidwa m'mawa uliwonse, ndipo mvula ikagunda a Augusto ankathamangira iko, zovala zikunyowa pachingwe.

A Baptista, mlimi wa fodya wa ku Chidzolomondo, anabwerapo atakwiya.

"Fufutani chija ndinagona pamisa chija."

"Simunagone, kompadre. Munkapemphera."

"Kukamwa kuli yasa?"

"Mawu amatuluka bwino choncho."

Inês nayenso, mtsikana wina wa m'deralo, ukwati wake utayandikira, anawanong'oneza kuti achotse zimene anajambulitsa ndi chibwenzi chake choyamba.

"Mwanawe, palibe adzazione."

"Ndiye mukusungiranji?"

"Ukadzakalamba udzafuna kuona mmene unkasekera. Mnyamatayo usadzamuyang'ane."

A Augusto anamwalira m'nyengo yachisanu. Mayi Terezinha anaphimba katundu wa malemu ndi nsalu za makapulana podikira abale. Kabokosiko sanalimbe mtima kukazimitsa, koma anakafunditsa bulangeti lochindikala poti kunkazizira. Kanatentha, kananunkha chopserera, kenako kanangoti zii.

Vuto linaoneka pokonzekera misa ya chikumbutso. A padiri anapempha chithunzi cha malemu choti aike patsogolo. Mayi Terezinha anasanthula nyumba yonse osachipeza, ndipo cha pabilyeti, chiphaso chawo cha unzika, chinali chitasuluka. Munthu wojambula boma lonse anali asanaimepo kutsogolo kwa kamera yake.

Xavier, mwana wa mlongo wa mayi Terezinha amene amakonza makomputadori ku Tete, anabwera pashapa, kaminibasi konyamula anthu. Ananunkhiza kabokosiko.

"Tiya," anafunsa azakhali akewo, "anakafunditsa ndani?"

"Kunkazizira."

Xavier anayang'ana kudenga. Kenako anafotokoza kuti chapsa ndi bokosi, koma madisku awiri aja ndi mapasa: chili mwa uyu chilinso mwa uyo. Woyamba atamulumikiza kukomputadori yake anangolira kuti ke-ke-ke. Wachiwiri anazungulira bwino, koma komputadori inalemba mawu.

"Ikuti chiyani?"

"Ikuti siikumumva. Ikufunsa ngati tifufute zonse tiyambirenso."

"Uiuze kuti m'nyumba muno sitifufuta."

Xavier anayesa pulogalamu ina yodziwa chilankhulo cha mabokosi otere, ndipo chakumasana zithunzi zinayamba kutuluka. Mbiri inafika pamsika. Pakhonde panadzaza anthu, aliyense kuseka mnzake mpaka nthawi yake itakwana. A Baptista anapempha kuti chawo chija achikulitse, nachiyang'ana nthawi yaitali, poti pambali pawo panakhala malemu akazi awo, akuwagwedeza ndi chigongono.

Mayi Terezinha sankaseka. Maukwati anadutsa, maubatizo, ng'ombe za eni, koma a Augusto osaoneka. Anthu atayamba kubalalika, panatuluka chithunzi cha mayiwo akupeta nyemba kuseri kwa nyumba, osadziwa kuti akujambulidwa. Chinajambulidwa kuchokera m'nyumba, zenera lili chitsekere, ndipo pagalasipo panatsala nkhope yozimiririka, diso limodzi lili kukamera, mano onse ali pamtunda.

"Imitsa pamenepo."

"Sichikuoneka bwino, tiya."

"Nanga ine ndinkawaona bwanji? Theka nkhope, theka kamera. Tsuka chomwecho."

Ndi chimenecho chinaima patsogolo pamisa, lichero ndi nyemba zomwe.

Kojambulira kuja tsopano amagulitsako mbewu ya mbatatesi. Anthu amadzijambula okha pafoni, n'kufufuta pomwepo chimene sichinawakomere. Aliyense ku Furancungo masiku ano amatuluka wokongola, kolala ili chilili. Koma palibenso wotisungira mmene timaonekera tikaiwala kuti wina akutiona.