Tchuthi cha a Patchuthi

A Patchuthi sankakana ntchito ayi, tisawanamizire poti anatisiya. Chimene ankakana ndi ntchito yofika mawa. Ukangowauza kuti, "Bambo, chipupachi mupake mbali iyi lero, inayo mudzamalize mawa," ankakubwezera burashi yako ndi manja awiri, mwaulemu wonse.

"Mawa? Nanga akandiitana?"

Nkhani yake inali iyi. Ali mnyamata analowa maphunziro a usilikali. Nsapato zisanawazolowere n'komwe, analumpha chipupa cha pabwalo lophunzirira n'kufikira pakakolo. Mkulu wina anayang'ana phazi lotupalo nati, "Pita kwanu ukapole, tidzakuitana." Basi. Mkuluyo mwina ankalankhula akuganiza za nkhomaliro yake, koma mawuwo anagwera munthu womvera. Phazi linapola, ana anabadwa, imvi zinabwera, iwo ali dikiredikire. Ukawafunsa kuti amagwira ntchito yanji, ankatulutsa chifuwa: "Ndili patchuthi." Dzina linachokera pomwepo.

Amene anasenza tchuthi chimenechi ndi akazi awo, mayi osoka zovala pakhonde la sitolo ya utoto ndi misomali. Mayiwa sankafuna zambiri. Ankangofuna kuti mwamuna wawo akhale ndi kwinakwake kolawirira m'mawa ngati amuna anzake, kuti makina osokera aja apumeko.

Mwini sitolo anawamvera chisoni. Anaitana a Patchuthi n'kuwaonetsa makiyi a nyumba yosungiramo katundu.

"Munthu wokhulupirika ngati inu ndimusowa. Muyambe Lolemba."

"Mpaka liti?"

"Mpaka kalekale, bambo. Ndi ntchito yokhazikika."

A Patchuthi anabwerera m'mbuyo ngati awaonetsa njoka. "Achimwene, mukufuna kundimangitsa? Munthu wa boma alembedwe pawiri?"

Mayi aja anamva zonse ali pamakina. Anapalasa mwaukali mpaka singano inathyoka.

Atatopa anati, chabwino, ngati ndi msilikali, adyeko za usilikaliwo. Anavala bwino n'kupita ku ofesi ya asilikali opuma. Kalaliki wa kumeneko anali munthu wofatsa.

"Anamaliza maphunziro?"

"Ayi."

"Anathawa?"

"Athawe amenewo? Ngakhale mvula sathawa popanda chilolezo."

"Anachotsedwa?"

"Anauzidwa kuti akapole."

"Ndiye apola?"

"Kalekale!"

Kalaliki anakanda m'mutu. "Mayi, kuno timathandiza amene anatuluka. Bambo anuwo sanatuluke. Komanso kunena zoona, sanalowe."

Mayi aja anabwerera wapansi, akuseka okha mumsewu ngati wamisala, misozi ili mbwembwembwe. Kuofesi akuti si msilikali, kunyumba mwini wake akuti si munthu wamba. Nanga iwo anakwatiwa ndi ndani?

Tsiku lina galimoto yaikulu ya asilikali inaima pafupi ndi sitolo paja. Abale inu! A Patchuthi anatulukira ndi chikwama chawo, chimene chinkakhala chomangiratu kuseri kwa chitseko, akuthamanga ngati mnyamata, akufuula kuti, "Mayi, usamale ana!" Ana ake ati, poti wamkulu anali kale ndi ndevu? Atafika anapeza kuti tayala laphwa. Anaika chikwama pansi, nathandiza kumasula mabawuti mpaka thukuta kamukamu. Asilikaliwo, anyamata aang'ono kuposa mwana wawo, anakwera n'kuwabayibitsa: "Zikomo agogo!" Iwo anaima njo, dzanja pachipumi, mpaka fumbi linatha. Kenako anatola chikwama.

"Awa ndi a gulu lina," anatero. Palibe anaseka mokweza tsiku limenelo.

Matenda atawagoneka, chimene chinkawavuta si chifuwa ayi. Ankangoti galimoto ikadutsa n'kuyesa kudzuka, maso ali pachitseko, kuopa kuti awapeza chigonere. Mayi aja zinawakwana. Anapita kwa a Sajeni, msilikali weniweni wopuma amene ankakonza njinga pansi pa mtengo kumapeto kwa msewu.

"Bambo, ndagwira mwendo wanu. Valani jekete lanu lija mukawamasule. Apume munthuyu."

"Mayi, ine ndilibe mphamvu imeneyo."

"Amene ali nayo ali kuti? Mundisonyeze ndipiteko."

A Sajeni anapukuta girisi m'manja. Masana omwewo analowa m'chipinda cha a Patchuthi, jekete likukana kumangika pamimba, mendulo zikulira. A Patchuthi anayesa kuimirira, miyendo inakana, ndiye anangowongola khosi papilo.

"Msilikali!" anatero a Sajeni. "Ndatumidwa. Tchuthi chatha. Wadikira mokhulupirika, ndipo akuluakulu akuti wamasulidwa. Tsopano ndiwe munthu wamba."

A Patchuthi anayang'ana kudenga nthawi yaitali, kenako anapuma mpweya wautali ngati munthu wotula thumba la simenti.

"Zikomo, bwana." Anatembenukira kwa akazi awo, nkhope ili ngwee ngati ya mwana. "Wamva, mayi? Ndakuvutitsa mokwanira. Mawa undidzutse m'mamawa, ndikafune ntchito. Yokhazikika."

Mayi aja anangogwedeza mutu. M'mawa mwake anapitadi kukawadzutsa. Anawagwedeza paphewa, anawaitana dzina lawo lenileni limene ambiri mumsewumu sitinkalidziwa. Sanadzuke.

Masiku ano msewu wathu ndi wolongosoka bwino, ndipo ndi wosakoma. Wosoka ndi wosoka, wa sitolo ndi wa sitolo, aliyense akudziwa chimene ali, ndipo palibe amene akuyembekeza kuti kwinakwake kuli anthu omufuna. Mayi aja akusokabe. Nthawi zina amasiya makina n'kupita pansi pa mtengo paja, kukaima pafupi ndi a Sajeni.

"Bambo, tikanawauza kale ali ndi mphamvu, si bwenzi atagwirako ntchito? Kapena tikanangowasiya, si bwenzi alipo, akudikira?"

A Sajeni amangoweramira njinga yawo n'kumapopa tayala lokhuta kale.