Zinthu Zinayi za ku Tete

Lolemba

Achimwene a Zakariya akubwera Lamulungu! Aimba foni m'mawa ndili kukhola la mbuzi. Zaka makumi atatu osaponda ku Fingoe kuno. Tinathawira limodzi ku Zambia nthawi ya nkhondo, ine ndinabwerera, iwo anakhazikika ku Lusaka. Ngakhale pa maliro a amayi sanathe kufika.

Mawu awo otsiriza pafoni: "Mng'ono wanga, ndikutengere tiyi ndi shuga? Kumeneko zimapezeka zimenezi?"

Zimapezeka?!

Ndayankha mwaulemu kuti asanyamule kanthu, abwere ndi mimba yokha. Kenako ndakhala pachitsa. Akuganiza kuti tikadali kukumba mizu kuthengo ngati masiku aja. Aona.

Ndikupita ku Tete. Tsiku limodzi mumzinda, zinthu zinayi:

1. Chokoleti chenicheni, osati timaswiti ta pamsika.
2. Mowa wa m'botolo, wapamwamba.
3. Khofi.
4. Tiyi wolimidwa m'dziko lathu lino. Wa ku Malawi ayi.

Amake Rosa, mkazi wanga, akuti: "Munthu akubwera kudzaona manda a amake, inu mukumukonzera ukwati?"

Chimene sindinawauze n'chakuti ndikufuna Achimwene aone kuti kuno n'kokhalika. Mwina angabwerere. Mwa ana asanu ndi mmodzi a amayi tatsala awiri tokha.

Lachiwiri

Tonde wanga wapita kumsika kukagulitsidwa. Sanafune, koma wapita.

Galimoto yapezeka! A Firmino akunyamula chimanga mawa pa lole yawo, kubwerera Lachisanu. Mpando wakutsogolo ndi wanga.

Mudzi wonse wamva, ndipo zotuma zayamba:

Alamu anga, batire la foni.
Amayi a kwaya, ulusi woyera.
Amake Rosa, nsomba zouma za ku Chikowa. "Mukabwera opanda nsombazo mukagone kwa a Firmino."

Profesori Benjamim, amene anaphunzira ku Beira, andipatsa malangizo. Chokoleti chabwino n'chakuda ndipo chimawawa. Khofi wabwino amawawa. Mowa wabwino umawawanso. Ndawafunsa ngati m'tauni muli chabwino chimene sichiwawa. Aganiza kanthawi. Akuti sakuchikumbukira.

Jekete la kutchalitchi lasitidwa. Amake Rosa: "Jekete? Ku Tete? Mwezi wa dzuwa uno?" Iwo sadziwa. Munthu salowa mu loja, sitolo ya akuluakulu, atavala malaya okha ngati wobwera kudzapempha ganyu.

Lachitatu

Msewu. Fumbi. Msewu. Msana!

Tayala laphulika kamodzi kokha. A Firmino akuti umenewu ndi mwayi, ndipo mwayiwo ndabwera nawo ndine. Ndavomera.

Tafika ku Matundo dzuwa likupendeka. Mzinda uli tsidya lina la Zambezi, ndikuuona. Mphepo ya kuno ili ngati yatuluka mu uvuni wa njerwa. Jekete sindinavule.

Ndikugona kwa msuweni wanga Ameliya. Amuna awo, a Kostantino, amva ndondomeko yanga n'kuimirira: "Za tiyi ndi chokoleti muone nokha. Koma za mowa, alamu, musayende nokha, angakupusitseni. Ndikuperekezani."

Anthu abwino akadalipo.

Lachinayi

Tsiku la chipambano!

Ndawoloka mlatho ndikuyenda wapansi, jekete lili pathupi.

KHOFI. Kanyumba kaukhondo, mipando yachitsulo. Ndaitanitsa khofi. Abweretsa kakapu kang'ono ngati chivindikiro cha botolo. Ndayesa n'kolawa chabe, ndagugudiza kamodzi, n'kudikira kapu yeniyeni. Siikubwera. Ndaitanitsa kachiwiri. Kachitatu. Tsopano mtima ukugunda ngati ng'oma ya pa chinamwali, ndipo ndikumva bwinobwino zimene akulankhula anthu tsidya la msewu. Khofi ndi ameneyu! Mtsikana wogulitsa akufunsa ngati ndikufuna wogaya kapena wa njere. Wa njere! Mlimi sagula ufa asanaone mbewu yake.

TIYI. Loja yoyamba, wa ku Malawi. Yachiwiri, wa ku Malawi. Yachitatu, bambo wokalamba wa ndevu zoyera wakwera pampando n'kutsitsa paketi yochokera ku mapiri a Gurue. Wathu! Ndanunkhiza. Ngati dothi mvula yoyamba ikagwa. Ndamugwira chanza kawiri.

CHOKOLETI. Loja yaikulu, m'kati mozizira ngati Juni. Sindikufuna kutulukamo. Ndatenga zitatu, zakuda bii. Ndabenthula kangodya kamodzi kuti ndilawe. Chikuwawa! Profesori sananame. Ndaziika m'thumba la m'kati mwa jekete, pamtima penipeni. Mbava ya m'tauni ikafuna chokoleti changa iyambe yandivula.

MOWA. A Kostantino akuti munthu sagula asanayerekeze. Tayerekeza mitundu itatu. Kenako aiwala kuti woyamba uja unali bwanji, tabwereza. Wakuda ndi umene wapambana. Ndagula mabotolo asanu ndi limodzi. Limodzi latsala kwa a Kostantino, akuti ndi mwambo wa kuno. Asanu.

Nsomba za amake Rosa ndagula. Ulusi ndagula. Zonse m'thumba limodzi la saka, ndamanga ndi mphira.

Zinayi mwa zinayi. Lusaka ibwere!

Lachisanu

Mpando wakutsogolo wapita kwa apongozi awo a Firmino. Ine pamwamba, pa matumba a simenti. Palibe vuto. Pamwamba m'pamene munthu amaliona bwino dziko lake.

Dzuwa lili paliwombo, injini yabwata. Taima pamalo popanda mtengo wa mthunzi, minga yokhayokha. Maola anayi.

Mayi wina wonyamula nkhuku amene takwera naye akundiyang'ana pachifuwa: "Bambo, mwavulala?"

Ndayang'ana. Malaya oyera aja ali ndi chigamba chofiirira kuyambira pabere mpaka palamba. Ndapisa dzanja m'thumba. Phala. Phala lotentha, lonunkhira bwino kwambiri. Ndanyambita zala kuti lisatayike.

Mowa:
Botolo limodzi laphulika lokha, phuu! Nkhuku za mayi uja zasamba.
Lina lasweka pa bampu.
Lina ndapereka kwa bambo wa njinga yamoto amene wapita kukatunga madzi a injini. Popanda iye tikanagona pamenepo.

Atsala awiri. Akwana ndithu. Limodzi Achimwene, limodzi ine. Enawo anali ongoperekeza.

Ndafika kunyumba. Amake Rosa ayang'ana malaya, ayang'ana ine, alandira nsomba. Alowa m'nyumba. Kukanakhala bwino akanandikalipira.

Loweruka

Tsiku lopulumutsa zotsala.

Chokoleti. Takokota m'thumba la jekete ndi supuni, tathira m'mbale yachitsulo, ndapita nayo ku baraka, kagolosale ka a Luiza, kukaiika mu jeleira, firiji yawo. Masana yatuluka yolimba gwa, yozungulira bwinobwino. M'kati muli tiulusi ta jekete pang'ono. Koma chokoleti chooneka ngati mbale, ku Lusaka anachionapo?

Tiyi. Paketi inang'ambika m'saka, wagona ndi nsomba tsiku lonse. Ndamuyanika palichero pakhonde kuti fungo lichoke. Amphaka atatu abwera. Wathu ndi mmodzi yekha.

Khofi. Ndauza Rosa, mwana wanga, asinje njere mumtondo. Wasinja bwino, ufa wosalala. Ndawiritsa kuti ndilawe. Ndayetsemula kasanu ndi kawiri, misozi ili mbwe. Rosa: "Atate, munati mtondo, simunanene kuti uti. Uwu amayi anasinjiramo tsabola dzulo." Komabe mphamvu ilimo. Khofi wa amuna.

Mowa. Mabotolo awiri ali mumtsuko wa madzi ozizira. Alamu abwera kudzatenga batire la foni. Batire! Ndinaiwaliratu. Aima pakhomo, maso pa mtsuko, mpaka ndawapatsa botolo limodzi.

Latsala limodzi. Makapu tili nawo awiri. Abale enieni amagawana.

Lamulungu

Afika titangoweruka kutchalitchi, pa njinga yamoto. Sindinawazindikire msanga. Atsika pang'onopang'ono, ndodo m'manja, mutu woyera wonse. Ndi atate athu enieni, mpaka kayendedwe. Andigwira mapewa: "Wakalamba iwe." Ine?

Tayamba kumanda. Agwada pa manda a amayi nthawi yaitali. Ndawasiya okha.

Kunyumba, tebulo lili ndi nsalu. Zinayi zonse pamzere. Ndaima pambali, manja kumbuyo.

Ayang'ana. Amwetulira. Kenako:

Mowa anasiya zaka khumi zapitazo, mpingo wawo suloleza.
Tiyi ndi khofi mpingo womwewo suloleza.
Chokoleti adokotala analetsa. Matenda a shuga.

Ndafunsa: nanga pafoni paja munkafunsiranji za tiyi? Akuti: "Ndinkafuna kukutengera iweyo. Kumsasa wa othawa nkhondo kuja unkalira kufuna tiyi, ine ndinalibe choti ndikupatse. Sindinaiwale."

Amake Rosa atuluka panja mofulumira. Kaya kukaseka, kaya kukalira.

Apempha madzi a malambe. Malambe! A mumtengo wa kuseri kwa nkhokwe, amene mbuzi zimadya osafunsa. Amwa makapu atatu, maso otsinzina. Ana a moyandikana amaliza chokoleti, akulavula tiulusi. Alamu atulukira pa nthawi yake, botolo lotsiriza lapeza mwini.

Basi. Tonde, jekete, msana wanga. Ndadzithirira khofi ndekha, poti wina ayenera kumumwa.

Mawa akufuna ndiwaperekeze kumunda wakale wa atate, kuja kudambo. Afunsanso ngati kuno akadalipo anthu odziwa kuumba njerwa zolimba, ndiponso ngati nyumba ya zipinda ziwiri ingathe mvula isanagwe.

Ndamwanso khofi wanga. Maso anyowa.

Ndi tsabola ameneyu.