Nkhope ya Bwana Ikugwera Kumbuyo kwa Buluku

Olemekezeka a Nduna ya Zachuma ndi Zogawagawa,

Ndagwada, bwana, mpaka maondo achita dzanzi. Ine ndine telala chabe, wa makina opalasa ndi phazi, pakhonde la sitolo imene inatsekedwa chaka chatha. Sukulu sindinapite nayo patali, choncho za chuma cha dziko ndimazionera pa zovala za anthu.

Chitsekereni fakitale ya nsalu, kumene mayi a kunyumba anagwirako ntchito zaka makumi awiri, palibe anabweretsapo nsalu yatsopano pa makina anga. Ntchito inali zigamba zokhazokha, chigamba pamwamba pa chigamba, ndi kubweza mabuluku m'chiuno poti azibambo onse aonda. Kenaka chisankho chinayandikira, inu n'kutulukira ndi lole yodzaza nsalu zaulere za nkhope ya a Pulezidenti. Mulungu akudalitseni! Pano makina sakupuma. Ndasoka makatani, masiketi, zofunda, ngakhale suti ya mkwati. Mtsogoleri wathu ali m'nyumba iliyonse, ngakhale m'nyumba zimene moto sunayake masiku awiri.

Komabe mundilole ndidandauleko pang'ono, chipewa chili m'manja.

Choyamba, nkhopeyo yakula kwambiri. Ndikamadula buluku, nditembenuze uku, nditembenuze uko, iyo imagwera kumbuyo basi. Aphunzitsi ena opuma pantchito anabweza lawo, ati iwo analeredwa bwino, sangamakhalire munthu wamkulu pa benchi ya tchalitchi.

Chachiwiri, nsaluyo imasuluka. Kuchapa kawiri kokha, kumwetulira kwa a Pulezidenti kumatsalira m'beseni, ndipo mawu aja akuti "Ntchito kwa Onse" ndi amene amayamba kuchoka. Ya otsutsa boma ndi yolimbako pang'ono. Ndikutsineni khutu, bwana: azimayi a pakhonde langa anasiya kumvera zolankhula za pamsonkhano. Amangokoka nsalu ziwirizo, wina uku wina uko, kuti aone boma limene lingapirire sopo.

Chachitatu ndiye chandiwawa zenizeni. Mayi a kunyumba anaigwira nsalu yanu ndi zala ziwiri, n'kuinunkhiza, n'kuyang'ana m'mphepete mwake. Pamenepo panalembedwa dzina la dziko lakutali. Ha! Lonjezo lotsegula fakitale yathu mwakalisindikiza ku fakitale ya eni ake!  Mpaka lero mayiwo amadzuka m'mamawa kudikira belu la fakitale, ndipo ovololo yawo amaisita Lamlungu lililonse. Ine ndimangowerama ngati ndataya singano, kuti asaone maso anga.

Tinakumvani pa wailesi mukunena kuti boma si bambo wa munthu, aliyense adziyimire payekha. Tamva, ndipo taima, poti mipando tinagulitsa. Chongodabwitsa n'chakuti chisankho chikafika, boma lomwelo limadziwa khomo lathu ndi dzina la galu lomwe.

Pempho langa ndi laling'ono ngati bowo la singano. Titsegulireni geti la fakitale tisanavote, kuti mayi a kunyumba akakuwombereni nsalu yoti nkhope ya bwana izikhalitsa. Ngati makiyi anatayika, mlamu wanga wowotcherera zitsulo akungokhala, lokoyo adzadula mwaulere.

Zikakanika, musadzivutitse nafe. Mayi ati tsiku lovota adzavala ovololo yawo yosita bwino ija, ndipo anzawo mazana atatu a ku fakitale asita kale zawo. Nsalu yanu sitidzaitaya ayi, ndife anthu oyamika. Tasungira mdzukulu wathu amene akubadwa mwezi wamawa. Matewera ndadula kale, ndipo ulendo uno nkhope yagwera pamalo pake penipeni.

Ine wanu wogwadabe,

Telala wa pakhonde